Chete wa Trywell

Sabata yatha ndinaonanso filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019. Ulendo woyamba maso anga anali pa William Kamkwamba ndi makina ake oyendera mphepo. Ulendo uno, nditakhala pa khonde kuno kwa Tsabango, foni ili m'manja, amene anandigwira mtima ndi bambo ake, Trywell.

Ambiri tinaseka Chichewa cha Ejiofor, ndipo sindikana, lilime lake limapunthwa. Koma taonani nkhope yake akakhala chete pamaso pa Agnes, mkazi wake. Pamenepo ndiye wasewera bwino zedi.

Filimuyi ikuonetsa bwino kumene kumachokera chete ameneyu. Mkulu wake John atamwalira, malo akupita kwa mwana wa malemuyo, Jeremiah, amene akugulitsa mitengo. Kenako njala ya 2001 mpaka 2002 ikufika ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Fizi ya William yasowa. Akuba akutenga chakudya cha banjali iye kulibe. Chilichonse chimene anaphunzitsidwa kuti ndicho umuna chikumuchoka chimodzichimodzi. Ndiye atani? Akungolima nthaka youma, kukwiya, ndi kukakamira njinga yake. Mantha ake sakuwatchula, chifukwa kuwatchula n'kuvomera kuti walephera.

Chete ameneyu ndikumudziwa. Malume anga ntchito itawathera, anakhala milungu itatu akudzuka m'mamawa, kuvala jekete, n'kukwera minibasi ya m'tauni ngati kale. Akazi awo anamva kwa anthu ena. Nditawafunsa patapita zaka, anangoti, "Mphwanga, ndikanayambira pati?" Chikondi chinalipo, koma mawu analibe. Tonsefe tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndipo pa bawo timakamba za Bullets ndi Wanderers, osati za zimene zikutidya mumtima.

Pamene ndikusiyana ndi filimuyi ndi kumapeto. Agnes akulankhula mosabisa za zimene wataya pomutsatira mwamuna wake, kuphatikizapo mwana wawo Annie amene wathawa ndi mphunzitsi. Trywell akupereka njinga, madzi akutuluka, mbewu zikumera, ife n'kupuma. Koma chimene chachira ndi munda. Banja lija silinakhale pansi n'kukambirana. Filimuyi ikutisiya tikuganiza kuti chakudya chikabwerera, mwamuna amatsegukanso yekha. Kwa malume sizinatero ayi. Ntchito ina anaipeza, koma chete anatsalabe m'nyumbamo.

Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri amakhala amuna. N'chifukwa chake ndikanakonda mphindi imodzi yokha imene Trywell akuuza Agnes kuti akuopa. Filimuyi ionereni, koma mukaionere limodzi ndi amuna a pakhomo panu, ndipo ikatha musafulumire kudzuka.