Nyanja yapakhoma ndi nyanja ya ku Dwangwa

Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi china m'nyumba yoonetseramo zaluso mumzinda wa Lilongwe. Chinali cha msodzi ali m'bwato, dzuwa lofiira psuu likumira m'madzi kumbuyo kwake. Utoto unali wosalala, mitundu yogwirizana bwino, fulemu yakenso yapamwamba. Koma ine mwana wa ku Dwangwa, maso anga anakakamira pa bwatolo. Linali loyasama ngati mtondo wogonekedwa, msodziyo atakhala pansi m'kati ngati ali m'bafa. Bwato la kwathu silitero. Pakamwa pake ndi popapatiza, milomo yake yopindikira m'kati kuti mafunde asamalowe, ndipo wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha ndiyo imalowa, wina kutsogolo wina kumbuyo. Dzanja wojambulayo anali nalo ndithu, koma bwato sanaliyang'anitsitsepo. Anakopera bwato la pachithunzi china, lomwenso linakoperedwa pa china.

Kuti ndione zimenezi inandithandiza ndi nyumbayo. Pamsika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town zinthu zimaunjikana: njovu pamwamba pa njovu, mipando yamafumu, bawo, nsalu zojambula zokulungidwa ngati mphasa, uku wogulitsa akukukoka kuti ubwere udzaone mtengo. Pamenepo diso silipuma. Koma m'malo ngati La Caverna, m'nyumba yakale ya Mandala ku Blantyre yomwe inamangidwa mu 1882, chithunzi chimapachikidwa pakhoma ndipo munthu amachiona mosathamangitsidwa. Mukalowa m'malo otere, yambani mwaima patali, muone mmene wojambula wagawira kuwala ndi mdima, ndiponso pomwe diso lanu layambira kugwera. Kenako sendererani pafupi, muone mmene burashi inayendera, pomwe anakhuthula utoto wambiri ndi pomwe anangopaka mopyapyala. Pomaliza dzifunseni ngati munthuyu chinthuchi anachionadi ndi maso ake. Khoma loyera silibisa kanthu, waluso limamukweza, wokopera limamuyalutsa.

Funso lomalizali ndi lomwe zithunzi zambiri za nyanja zimalephera kuyankha. Pafupifupi chilichonse chili ndi dzuwa lolowa m'madzi, mlambe pambali, bwato pakati. Ku Chembe, ku Mangochi, zimenezi n'zoona, chifukwa gombe la kumeneko layang'ana kumadzulo. Kwathu dzuwa limatuluka m'nyanja, n'kukalowa kuseri kwa mapiri. Nyanja yathu ndi ya m'bandakucha, asodzi akukocheza ku Ngala kapena ku Liwaladzi atagona pamadzi usiku wonse, amayi akuwachingamira ndi mabeseni. Ndi nyanja ya nyali za siginala zondandana mumdima ngati mudzi woyandama, pomwe anzake akuzinga usipa ndi chilimira. Ndi ya mwera wa mu Juni womwe umasandutsa madzi kukhala otuwa, ya nkhungu zotumphuka pakati pa nyanja ngati utsi wa lupsa, ya usipa wonyezimira pa thandala dzuwa lili paliwombo.

Nanga kumtunda? Chiyambire fakitale ya shuga kugaya nzimbe mu 1979, aliyense wokulira ku Dwangwa amaudziwa moto wa m'minda nyengo yodula: malawi otalika kuposa nyumba, thambo lofiira, phulusa lakuda likugwera pa zovala zoyanika. Amawadziwanso odula nzimbe akuweruka, chikwanje paphewa, thupi lonse mwaye, m'maso mokha muli mbee. Wojambula wofuna kuphunzira kusewera ndi mtundu wakuda ndi wofiira sangapeze sukulu yoposa imeneyi. Komabe zithunzi zotere n'zosowa pakhoma.

Chifukwa chake n'chodziwika, ndipo sitingawaseke ojambula. Utoto ndi nsalu n'zodula, kunyumba ana akudikira ufa. Wogula nthawi zambiri ndi mlendo wodzaona dziko, wofuna kachithunzi kokulungika kolowa m'chikwama, komukumbutsa tchuthi chake. Chimene chagulidwa lero chimajambulidwanso mawa, mpaka dzanja limazolowera kuyenda lokha diso litagona. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Luso lomangidwa pa zokonda za mlendo limakamuka naye limodzi.

Amalawi amene ntchito zawo zafika patali anatsata njira ina. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisoka pamanja ndi singano. Zimene amasoka ndi za m'nyumba mwake momwe: iye mwini, mwana wake, khitchini, munthu atagona chifukwa chotopa. M'mphepete mwa ntchito zake simuwongoka ngati mwa fulemu, ndipo pena amasiya mpata ngati wina wang'ambapo. Ukayandikira umaona msoko uliwonse, umaona nthawi imene mayiyu anakhala pansi. Zomwe ambiri akanati n'zosayenera kupachika, iye waziyang'ana mpaka zasanduka zodabwitsa, ndipo zaonetsedwa ku New York ndi ku London.

Samson Kambalu naye anatenga chithunzi chakale cha mu 1914, cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley patchalitchi cha ku Mbombwe ku Chiradzulu. M'chithunzicho Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Pa chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022, Kambalu anasintha chinthu chimodzi chachikulu: anamukulitsa Chilembwe pafupifupi kawiri, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Popanda kulemba mawu, wodutsa aliyense ankadziwa mwini nkhani. Uku ndiko kusankha kwa mmisiri, kudziwa chokulitsa ndi chochepetsa, ndipo kumabwera munthu atayang'ana chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali.

Sikuti mpaka tikwere ndege kuti tiphunzire izi. Ku Mua, ku Dedza, malo a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976 aphunzitsa osema ambiri kuika pamtengo nkhope ndi moyo wa kumudzi kwawo, ngakhale posema nkhani za m'Baibulo. Mukayang'ana mayi wosemedwa kumeneko, mbereko yake yamangidwa monga amamangira amayi athu, mfundo ili pamalo pake.

Manja otere ku Dwangwa aliko. Wolemba zikwangwani patauni yathu amakoka mzere wowongoka popanda rula, ndipo mutu wometedwa womwe wajambula pakhoma la babashopu umafanana ndi anyamata omwe timakumana nawo pamsewu wa M5. Wosema bwato amayang'ana thunthu la mtengo n'kudziwa mbali yomwe idzagone m'madzi, ndipo kasemasema wake akalakwitsa pang'ono bwatolo lidzapendama moyo wake wonse. Iyeyu sangakopere, chifukwa nyanja ndiyo imayesa ntchito yake. Wojambula zithunzi alibe mafunde omudzudzula, choncho omudzudzula tiyenera kukhala ife oonera.

Inu a kunyanja, mukapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, patulani ola limodzi mulowe m'nyumba zoonetsera zaluso. Musaope kuti mulibe ndalama zogulira, kuona si kugula. Mukapeza bwato lolakwika, nenani mwaulemu. Mukapeza wojambula yemwe waigwira nyanja mmene ilili, muuzeni, ndipo ngati thumba lilola mugulireni. Ndipo iwe mnyamata kapena mtsikana wa ku Dwangwa amene umajambula kumapeto kwa kope la masamu, dzuwa la ku Chembe lisiyire a ku Chembe. Dzuka m'mamawa, pita kugombe ndi pensulo, ukakhale pafupi ndi bwato limodzi mpaka ulidziwe milomo yake, zigamba zake ndi mmene nkhafi yagonera m'kati. Ukatero uyambe kujambula.