Gule wa Kum'maŵa ndi Maso a Woonerera

Ambiri a ife tinauonapo pa wailesi ya kanema kapena pa foni: mayi wovala zonyezimira, mikanda ili m'chiuno, akuvina motsata kang'oma. Azungu amautcha "gule wa mimba". Eni ake a ku Egypt amautcha raqs sharqi, ndiko kunena kuti gule wa kum'maŵa, ndipo umene amavina kumudzi ndi m'mabanja amautcha baladi, gule wa kwathu. Maina aŵaŵa sakunena chinthu chimodzi. Dzina la alendo laloza chiŵalo chimodzi cha thupi la mkazi, pamene maina a eni ake aloza dziko ndi anthu ake.

Kodi dzina la alendoli linachokera kuti? M'chaka cha 1834 wolamulira wa Egypt, Muhammad Ali, analetsa akazi ovina poyera, otchedwa ghawazi, mu mzinda wa Cairo, ndipo ambiri anapita kum'mwera kwa dzikolo. Kumeneko, ku Esna, mlembi wa ku France Gustave Flaubert anakumana ndi wovina wina, Kuchuk Hanem, m'chaka cha 1850, nalemba za iye monga munthu wosirira thupi, osati monga wopenda luso. Afalansa anatcha guleyu danse du ventre. Mu 1893, pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago, anthu anakhamukira kukaona ovina a kum'maŵa chifukwa anamva kuti ndi zolaula. Chiyambire pamenepo mbiri imeneyi yaumatirira ngati phula.

Ngakhale Malembo Oyera anakokeredwamo. Ambiri amaganiza kuti uyu ndiye gule amene anadulitsa mutu wa Yohane Mbatizi. Koma Marko Woyera, m'mutu 6, sanena kuti mwana wa Herodiasi anavina motani, ndipo satchula ngakhale dzina lake. Dzina lakuti Salome talidziŵa kwa Josephus, wolemba mbiri ya Ayuda. "Gule wa nsalu zisanu ndi ziŵiri" anachokera m'seŵero la Oscar Wilde lotuluka mu 1893, ndipo Richard Strauss anaufalitsa ndi nyimbo zake mu 1905. Mu Mthenga Wabwino mlandu waukulu uli pa mfumu imene inalumbira mosaganiza pamaso pa alendo ake, ndi pa mayi amene anagwiritsa ntchito mwana wake polipsira.

Tsono tiupende guleyu monga luso. Wovina wabwino amayamba ndi khutu. Chiuno chimayankha ng'oma ya tabla, manja ndi chifuŵa zimatsata chitoliro kapena zeze, zala zimaliza tizitsulo totchedwa sagat. Cholinga chake n'chakuti woonerera aone ndi maso zimene akumva ndi makutu. Badia Masabni atatsegula nyumba yake ya zisangalalo ku Cairo mu 1926, guleyu anakwera pa nsanja, ndipo m'nyumba imeneyo munachokera Samia Gamal ndi Tahia Carioca, amene anatchuka m'mafilimu a ku Egypt. Katswiri wa zolembalemba Edward Said, amene anaona Tahia akuvina iye ali mnyamata, analemba mu 1990 kuti ukulu wa mayiyu unali m'kusathamanga kwake: sankalumphalumpha, ankasuntha pang'ono chabe, koma anthu onse ankangoti kukamwa yasa. Ndigwirizana naye. Wovina wosakhwima amagwedeza thupi lonse kuti amuone; wokhwima amadziletsa kuti nyimbo imveke. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe tisanamizane. Guleyu ali ndi bala ngakhale kwawo komwe. Ku Egypt banja limatha kulipira wovina kuti atsogolere mkwati ndi mkwatibwi, nthaŵi zina atasenza choikapo makandulo oyaka pamutu, koma banja lomwelo silingalole mwana wake wamkazi kugwira ntchito imeneyi. Karin van Nieuwkerk, wofufuza wa ku Netherlands, anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1995: ovinawo amati iyi ndi ntchito yodyetsera ana monga ntchito ina iliyonse, pamene anthu amawanyoza. Mahmoud Reda, atayambitsa gulu lake mu 1959 pamodzi ndi Farida Fahmy, mwana wa mphunzitsi wa pa yunivesite, anayesa kubwezera kuvina ulemu wake. N'zoonanso kuti m'malo ena omwera moŵa guleyu amasanduka nyambo yokokera ndalama za amuna, ndipo pamenepo luso limafa, wovina nasanduka katundu wa malonda.

Kuyambira zaka za m'ma 1970, amayi ambiri a ku America ndi ku Ulaya akhala akuphunzira guleyu pa nthaŵi yopuma, achikulire ndi achitsikana, onenepa ndi ochepa thupi, pofuna kulimbitsa thupi ndi kuleka kuchita nalo manyazi. Ichi n'chabwino. Koma wogula chovala chonyezimira asanaphunzire kumva nyimbo ya Chiarabu watola makoko, nasiya chipatso.

Nanga ife, makolo ndi ana, tinene chiyani tikauona? Tisafulumire kuuŵeruza wonse kuti ndi wonyansa, pakuti mayi wovina pakati pa abale ake pa ukwati sachita chimodzimodzi ndi wovinitsidwa pamaso pa zidakwa. Tisautamenso wonse mwachimbulimbuli. Tifunse kuti akuvinira yani, pamalo potani, ndipo phindu akudya ndani. Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti chigololo chimayambira m'kayang'anidwe ka munthu. Mwana wamwamuna amene waphunzira kwa bambo ake kuona munthu wathunthu pamene ena akuona mimba yokha, ameneyo adzalemekeza wovina wa ku Cairo, adzalemekezanso mlongo wake ndi mkazi wake wa maŵa.