Mlandu wa Mphemvu ya ku Simandou

Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambi umenewu ndi wabwino pochenjeza mwana za anzake oipa, koma ndi woopsa m'kamwa mwa woweruza mlandu. Chiweruzo chotere ndicho chimene mabuku ambiri a zaukhondo apereka kwa mphemvu. Amatijambulira kachilombo kochokera m'chimbudzi kakuyenda pa chakudya, kenaka nkutilamula kuti tiphe. Lamuloli silolakwika pa mphemvu ya m'nyumba, pakuti imeneyo imafalitsadi tizilombo ta matenda. Cholakwika nchakuti mabukuwo amalekera pomwepo.

Akatswiri amadziwa mitundu ya mphemvu yoposa 4,000, koma imene imasautsa anthu m'nyumba ndi pafupifupi 30 yokha. Yambiri mwa yotsalayo imakhala m'nkhalango ndi m'mapanga, kumene imadya zoola nkubwezera chonde m'nthaka.

Titenge chitsanzo chimodzi. M'chaka cha 2004, Louis Roth ndi Piotr Naskrecki anafotokoza mtundu watsopano wa mphemvu nautcha Simandoa conserfariam. Anthu anaupeza m'phanga limodzi lokha, m'mapiri a Simandou kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Guinea, kumene unkakhala pa ndowe za mileme. Dziko lonse lodziwika la mphemvu imeneyi linali phanga limenelo basi. Tsoka lake nlakuti mapiri a Simandou ali ndi miyala ya chitsulo yochuluka zedi, ndipo malipoti akuti phangalo linaonongeka ndi ntchito za migodi. Lero mtunduwu ukusungidwa m'mabokosi a anthu oweta tizilombo ku Ulaya ndi ku America.

Mphemvu imeneyi sinalowepo m'nkhokwe ya munthu, sinanyambitepo mthiko. Komabe ndani anailira? Njovu ikaphedwa dziko lonse limamva, koma wa dzina loipa amafa opanda mboni.

Apa ndi pamene pali kulephera kwa mabuku athu. Buku lophunzitsa mwana kunyansidwa, osamphunzitsa kusiyanitsa, lagwira theka la ntchito yake. Mwanayo akadzakula nkupatsidwa udindo wovomereza mgodi kapena msewu, sadzafunsa kuti m'phangamo mukukhala yani, chifukwa anauzidwa kale kuti zonse zaola.

Tsono inu ophunzira, sesani m'nyumba ndipo vundikirani chakudya. Koma musanaweruze mtundu wonse chifukwa cha mmodzi, yambani mwafunsa dzina lake, kwawo ndi ntchito yake.