Kupepesa ndi Kukhululuka m'Chingelezi: Ndemanga pa Maganizo a J. L. Austin

Mu 1956, katswiri wa ku Oxford, J. L. Austin, anakamba nkhani yotchedwa "A Plea for Excuses". M'menemo anasiyanitsa njira ziwiri zodzitetezera. Pa *justification*, munthu avomera kuti anachitadi chinthucho, koma akana kuti chinali choipa. Pa *excuse*, avomera kuti chinali choipa, koma akana kusenza mlandu wonse, ponena kuti sanachite dala.

Chiyambi cha mau chigwirizana ndi Austin. Liu la *excuse* lichokera ku Chilatini, *ex* ndi *causa*, ndiko kuti kutulutsa munthu mu mlandu. Koma *forgive* ndi *pardon* ali ndi tsinde lotanthauza kupatsa: mlandu ulipo, wolakwiridwa ausiya mwaufulu. Apa ndi pamene "kukhululukira" kwathu kufanana ndi Chingelezi.

Tikayesa maganizowa ndi Chingelezi cha mu Lusaka, tipeza pamene apelewera. Austin ayang'ana wolakwa yekha. Koma mai akapunthwa potsika basi ku Woodlands, anthu amene sanamukhudze n'komwe anena "sorry, sorry". Sakuvomera mlandu, sakuukananso. Akunena "pepani" wa Chinyanja, liu limene tiuza wodwala, wofedwa ndi amene tamulakwira. Muzu wake suli pa funso lakuti walakwa ndani, koma lakuti wapwetekedwa ndani. Mngelezi anganene "sorry" pa maliro, koma akalimva pa kupunthwa, kawirikawiri ayankha kuti si iwe wachititsa.

Nkhaniyi ikhudza aphunzitsi. Kuyambira mu 1966, pamene lamulo la maphunziro linakhazikitsa Chingelezi m'sukulu za Zambia, ana a mu Kabwata, Chelstone ndi Kabulonga akhala akuika tanthauzo la "pepani" m'mau achilendo. Mphunzitsi woliyesa phuzo amaphunzitsa mwana kuti chifundo chake ncholakwika. Wolilekerera osafotokoza amamusiya kuti akalembe "sorry" m'kalata ya kuntchito, kumene liulo lingawerengedwe ngati kuvomera mlandu umene si wake.

Motero tiona kuti kumasulira liu ndi liu sikukwanira. Mwana aphunzire zinthu zitatu padera: kudzichotsa mu mlandu, kupempha chikhululuko, ndi kumva chisoni ndi mnzako. Austin anafotokoza choyamba bwino lomwe, nanena zochepa za chachiwiri. Chachitatu achisunga ndi olankhula Chinyanja.