Za Buku la Zithunzi la Heartstopper

M'buku lachinayi la Heartstopper, lotuluka mu 2021, Alice Oseman wa ku England ajambula anyamata awiri okondana, Nick ndi Charlie. Charlie adwala nthenda ya maganizo, nayamba kudzimana chakudya. Apa mlembi achita mwanzeru ndithu, pakuti salola kuti chikondi cha Nick chisanduke mankhwala. Amake a Nick amlangiza kuti katundu wotere mwana sausenza yekha; ndipo Charlie aulula kwa makolo ake, nagonekedwa m'chipatala. Potero mnyamata wobisa nthenda yonga iyi aona pomwe angayambire kupempha thandizo. Chotidandaulitsa n'chakuti masabata a m'chipatalamo, amene mwana wodwala awaopa koposa, mlembi angowasimba mothamanga m'zolemba za anyamatawo.