Nyumba, Njanji ndi Malasha: Tawerenga Buku Lonena za Moatize ndi Tete

Abale ndi alongo otsogolera makalasi, pali buku lina limene tafuna kuti tikambirane nanu. Linatulutsidwa ndi bungwe la Human Rights Watch mu Maio 2013, m'Cingelezi ndi m'Cipwitikizi, ndipo m'Cipwitikizimo dzina lake ndi O Que é Uma Casa Sem Comida? Dzinali likufunsa kuti nyumba yopanda cakudya iri ndi phindu lanji. Likunena za mabanja amene anasamutsidwa m'boma la Moatize kuti makampani akumbe malasha. Tinene msanga maganizo athu: bukuli ndi loona ndipo liyenera kuwerengedwa, koma lagwira mbali imodzi yokha ya nkhani. Mbali inayo, ya mzinda, ya renda ndi ya njanji, ikudikira ife eni dera.

Kwa amene simunafikeko, mzinda wa Tete uli pa mtsinje wa Zambezi, ndipo Moatize ali kutsidya, makilomita ngati 20. Njanji silowa mu Tete ai, imathera pa Moatize pamene pali migodi. Apwitikizi anaifikitsa pamenepo mu 1949, kucokera ku Dona Ana, ndipo anaimangira malasha. Nkhondo inaitseka m'zaka za m'ma 1980. Itakonzedwanso, mu 2011 kampani ya ku Brazil yochedwa Vale inayamba kutumiza malasha pa njanji yomweyo kunka ku doko la Beira, ulendo wa makilomita 575. Bukuli linalembedwa m'masiku amenewo, pamene aliyense anali kunena kuti Tete walemera.

Olembawo anayenda m'midzi yatsopano, nakhala pansi ndi anthu. Akutiuza kuti Vale inasamutsa mabanja 1,365 kucokera ku Chipanga ndi midzi yoyandikana nayo, ena kunka ku Cateme, makilomita ngati 40 kucokera ku Moatize, ena kunka ku bairo la 25 de Setembro m'tauni momwemo. Mabanja 84 a ku Capanga, kumene kunali mgodi wa Riversdale umene pambuyo pake unagwa m'manja mwa Rio Tinto, anawapititsa ku Mwaladzi. Anthu amene anazolowera madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Revuboe anapatsidwa nthaka youma, madzi osadalirika, msika uli kutali. A ku Cateme anawalonjeza mahekitala awiri pa banja, koma pa nthawi imene bukuli linkalembedwa anali atalandira imodzi. Nyumba zinali za simenti ndi malata ndithu, koma zina zinayamba kung'aluka ndi kudontha zisanakhalitse n'komwe.

Pamene bukuli latigwira mtima kwambiri ndi pa nkhani ya kugawa anthu. Kampani inaika mabanja m'magulu awiri: amene inawayesa alimi anapita ku Cateme, amene inawayesa a nchito za m'tauni anapita ku 25 de Setembro, kumene sanapatsidwe minda. Tsono taganizani inu amene mudziwa makhalidwe a kwathu. Bambo amaumba njerwa m'cilimwe, dzinja ali kumunda. Mai amalima cimanga, komanso amagulitsa makala ndi masamba pa msika. Banja lotere ndi la kumudzi kapena la m'tauni? Pa pepala pali mabokosi awiri okha, ndipo bokosi limene mlembi wacongamo ndilo lalamula kumene ana adzakulira. Apa olembawo aona bwino, pakuti asonyeza kuti munthu wa m'mphepete mwa tauni amakhala ndi moyo ndi manja onse awiri, ndipo ukam'dula limodzi wam'pha ndi njala ngakhale um'patse nyumba ya malata.

Tiyamikanso kuti sanalembe ndi mkwiyo wokha. Anafunsa makampani ndi boma, naika mayankho ao m'bukumo, ndipo pamene panakonzedwa cinthu ananena kuti cakonzedwa. Afotokoza za pa 10 Janeiro 2012, tsiku limene anthu a ku Cateme ngati 500 anatseka njanji kuti sitima ya malasha isapite, apolisi nawabalalitsa mwankhanza. Afotokozanso lamulo la kasamutsidwe ka anthu limene boma linatulutsa mu Agosto caka comweco, ndi mipata imene linasiya. Munthu wofuna kuphunzira kulemba mbiri ya kwao atengerepo citsanzo: kumva mbali zonse, kuchula tsiku, kuchula malo.

Koma tsopano tinene zimene tasowa. Coyamba ndi mzinda weniweniwo. Maso a bukuli ali pa midzi ya osamutsidwa, ndipo sitiliimba mlandu pa ici, cifukwa ndiyo nchito imene linadzipatsa. Komabe wowerenga angayese kuti amene sanasamutsidwe ndi kampani anapulumuka. Si conco. Kalembera wa 2007 anapeza anthu ngati 155,000 mu mzinda wa Tete, ndipo wa 2017 anapeza opitirira 300,000. Alendo a malipiro akulu atafika, renda inakwera koopsa. Mwini nyumba akaona kuti kampani ingam'patse madola, mphunzitsi kapena namwino amene anakhala m'menemo zaka zambiri ankauzidwa kuti afune kwina. Uku nakonso ndi kusamutsidwa, kungoti kunalibe lole yonyamula katundu, kunalibe cipukuta misozi, ndipo palibe anawerenga mabanja ake.

Pamodzi ndi renda panabwera malonda a malo. Malamulo a dziko lathu amati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Munthu amangokhala ndi ufulu wougwiritsa nchito, umene m'maofesi amaucha DUAT. Koma tonse tidziwa mmene zimayendera m'mabairo okula msanga monga Matundo ndi Chingodzi, mbali ya ku Moatize. Pa pepala amalemba kuti agulitsana maziko, mpanda kapena mitengo ya mango, pamene mtengo weniweni ndi wa nthaka. Wodziwa mapepala amagula mochipa kwa wosadziwa, mawa nagulitsa kangapo kuposa pamenepo. Buku lonena za nyumba m'dera la malasha likadayenera kuima pang'ono pamenepa.

Caciwiri si colakwa ca olemba, koma ca nthawi. Bukuli linatha mu 2013, malasha akadali ndi mbiri yabwino. Zotsatira tiyenera kuonjezapo tokha. Mtengo wa malasha unagwa. Rio Tinto, imene inalipira madola pafupifupi mabiliyoni 4 kugula Riversdale mu 2011, inagulitsa migodi yakeyo mu 2014 pa madola mamiliyoni 50 okha. Anchito ambiri anacotsedwa, alendo anapakira, ndipo nyumba zambiri zimene anthu anamanga ndi ngongole poyembekeza renda ya kampani zinakhala zopanda munthu. Vale nayonso inagulitsa mgodi ndi njanji yake kwa Vulcan, malondawo natha mu 2022. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Amene anamanga pa mtengo wa malasha anauona mwambiwu ndi maso.

Cacitatu ndi njanji. M'bukumo njanji ioneka kwenikweni ngati malo amene anthu anaonetserapo mkwiyo wao. Ife tikadakonda lifunse kuti njanjiyo ndi ya yani. Taonani mapu. Njanji yaciwiri, ya makilomita 912, imene inatsegulidwa mwamwambo mu 2017, imacoka pa Moatize, kudutsa m'Malawi, kubwereranso kwathu pa Entre Lagos, kupyola Cuamba mpaka ku doko la Nacala-a-Velha. Njanji zonse ziwiri ziyambira pa mgodi ndi kuthera pa nyanja. Palibe imene inatembenukira ku mzinda wa anthu 300,000 uli pafupi pomwepo, kapena kukwera ku Angónia kumene kucokera mbatata ndi cimanga. Wa ku Tete wogwira nchito ku Moatize amadalira msewu ndi chapa. Mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, unapeputsako mlatho wakale wa Samora Machel pocotsa malole olemera pakati pa mzinda, ndipo ici ndi cabwino cimene tiyenera kuvomereza. Koma njanji ya 1949 ndi ya 2017 zinamangidwa ndi funso limodzi, lakuti malasha atuluka bwanji. Anthu a Cateme anacidziwa ici, n'cifukwa cake pofuna kumveka anakakhala pa njanji. Anadziwa kuti pamenepo ndi pamene pamapweteka.

Nanga bukuli mungaligwiritse bwanji? Ambiri mwa anthu amene mau ao ali m'menemo amalankhula Cinyungwe, ndipo buku la Cipwitikizi ca maofesi si lopepuka kwa iwo, ngakhale kwa ophunzira anu. Wina wodziwa Cipwitikizi awerenge cigawo cimodzi, afotokoze m'cinenero ca kwanu, kenaka mufunsane kuti kwathu kuno zotere zinacitika liti. Muwauzenso cinthu cimodzi cimene ambiri sacidziwa. Lamulo la Malo la 1997 linazindikira ufulu wa munthu wokhala pa malo monga mwa mwambo, ndi wa nzika imene yagwiritsa nchito malo ndi mtima woona kwa zaka 10, ngakhale alibe pepala. Linalolanso umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo. Koma umboni wa pakamwa umafa ndi eni ake. Cifukwa cace lembani m'kope la kalasi kuti munda uwu anayamba kulima ndani, caka canji, malire ake ndi ati, manda ali pati. Ngati muli m'tauni lembani kuti nyumba munalowamo liti, renda inali zingati, inakwera liti, munatulukamo bwanji. Ikani tsiku, ndipo mboni ziwiri zisaine kapena kudinda cala. Kopelo lisungidwe pamalo pouma, ndipo lina likhale kwa amfumu kapena kwa mlembi wa bairo.