Mbalame Yocitira Umboni

Mwa mabuku a Cinyanja oyenera anyamata ndi atsikana a pa sukulu monga za ku Mulanje Mission, ocepa agwira mtima ngati Sikusinja ndi Gwenembe, limene J. W. Gwengwe analemba m'zaka za m'ma 1960. Abale awiri apita kutali kukafuna nchito, ulendo umene ana a ku Mulanje audziwa bwino cifukwa ca makolo ao amene anapita ku Halale ndi ku Joni. Sikusinja asunga cuma, Gwenembe amwaza cace, ndipo pobwerera apha mbale waceyo m'njira.

M'mabuku a Agatha Christie wakupha abisika kufikira kumapeto. Gwengwe sabisa kanthu. Wowerenga adziwa kale mwini mlandu. Comsowetsa tulo ndico kambalame koimba, kamene katsata Gwenembe kosatopa kufikira kumudzi. Mwana wowerenga adzidzimuka poona kuti ali kucita mantha pamodzi ndi munthu woipa. Apa mlembi anapambana ndithu.

Colakwa ncakuti abalewo anawasiyanitsa mopitirira muyeso. Sikusinja alibe banga ngakhale limodzi, kotero kuti imfa yace simpweteka wowerenga monga ikadayenera.